Kalata Awerenge Mwiniwake

Mbiri ya maphunziro m'dziko muno ikamakambidwa, mayina amene amatsogola ndi a anthu otchuka. Timamva za amishoni amene adafika ku Mvera m'chaka cha 1889 nadzakhazikitsa Nkhoma mu 1896. Timamva za William Murray ndi anzake amene adamasulira Buku Lopatulika lomwe lidatuluka mu 1922. Timamvanso za Samuel Josia Nthara, mphunzitsi uja adatilembera buku la Nthondo. Onsewa ngoyenera ulemu. Komatu buku silidziwerenga lokha. Kuti mawu a m'mabukumo alowe m'mutu mwa mwana wakumudzi, padafunika munthu wina woti agwire kadzanja ka mwanayo ndi kukayendetsa pamchenga mpaka chilembo chioneke. Anthu otere adalipo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo adatsikira kuli chete popanda wolemba za iwo. Mmodzi mwa anthu amenewa adali agogo anga obereka amayi.

Kwathu, m'midzi yoyandikana ndi phiri la Nkhoma, dzina lawo lenileni lidachita kuiwalika. Ana ndi akulu omwe ankangoti "Aphunzitsi", ndipo imvi zitadzaza m'mutu dzinalo lidatalika n'kukhala "Agogo Aphunzitsi". Tsiku lawo lobadwa sankalisamala. Ankangoti pa njala ya 1949 adali mtsikana wotha msinkhu, ndipo chaka chimenecho anzawo ambiri adasiya sukulu osabwereranso. Iwo adapulumuka chifukwa cha atsibweni awo, mkulu wa mpingo, amene ankagulitsa mtedza kuti alipire fizi ya mwana wa mlongo wawo. Adayambira Sabu A ndi Sabu B monga mwa dongosolo la masiku amenewo, adakhoza Sitandade 6, kenaka adapita kusukulu ya aphunzitsi ya amishoni. Choko adayamba kugwira pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, dziko lino lisadalandire ufulu wodzilamulira.

Pa zaka zonse za uphunzitsi wawo, agogo adakakamira kalasi imodzi, ya ana oyamba kumene. Aphunzitsi ambiri kalasi imeneyi amaithawa. Muli phokoso, muli mamina, muli ana olirira amayi awo, pamene ulemu wonse umapita kwa mphunzitsi wa Sitandade 8 amene ana ake asankhidwa kupita kusekondale. Kangapo konse akuluakulu a sukulu adawapempha kuti akwere kumakalasi apamwamba, koma iwo ankangoyankha kuti, "M'mera mpoyamba. Mukandichotsa kuno, a Sitandade 8 anuwo mudzawatenga kuti?"

Kaphunzitsidwe kawo kadali ka zinthu zopezeka pakhomo. Mwana asadakhudze sileti ankayamba walemba a, e, i, o, u ndi chala pansi. Akazolowera ankaumba zilembozo ndi dothi la kudambo n'kuziyanika padzuwa, kuti adziwe ndi manja ake kuti mimba ya b imayang'ana kwina ndipo ya d imayang'ananso kwina. Masamu ankawerengera timitengo ndi njere za chimanga. Buku la Sosa ankalidziwa pamtima, moti ankatha kuuza mwana tsamba limene walakwitsa iwo ali chembali akusoka. M'chaka cha 1968, boma litalamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, agogo adauza ana awo kuti asade nkhawa poti zilembo ndi zomwe zija. Chimene chidawatopetsa ndi kusintha kwa ndalama mu 1971. Adatha miyezi akufotokozera ana m'mawa ndi makolo awo madzulo kuti paundi imodzi tsopano ndi makwacha awiri, ndipo sheleni ndi matambala khumi.

Sindikufuna kuwakometsera ngati adali mngelo. Lilime lawo lidali lakuthwa, ndipo amene adadutsa m'manja mwawo zaka zoyambirira amakumbukira kamkwapulo ka pichesi kamene kankakhala pambali pa bolodi. Mwana wobwera osasamba ankamubweza kuchitsime. Koma anthu omwewo amakumbukiranso dengu limene agogo ankabwera nalo kusukulu, momwe munkakhala mbatata yophika kapena chimanga chokazinga. Ankadziwa poyang'ana m'maso mwana amene wagona ndi njala, ndipo ankamutuma kanthu kuseri kwa kalasi kuti akamupatsire komweko anzake osaona.

Zaka zimenezo midzi yathu idali ya amayi, ana ndi nkhalamba. Amuna ambiri adali ku Joni, kumigodi kumene ankapita kudzera ku Wenela, ena adali ku Halale ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Chingwe cholumikiza mabanja chidali kalata basi. Makalata a midzi yonse yozungulira ankafikira pa adiresi ya sukulu, ndipo ana ndiwo ankapita nawo kwawo poweruka. Dzuwa likapendeka amayi ankayamba kufika pakhonde pa agogo, wina aliyense kalata ataimanga pansonga ya chitenje. Ankagwada chapatali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tatiwerengeraniko, abambo akunyumba alemba."

Motero agogo adasanduka nkhokwe ya zinsinsi za mudzi wonse. Ankadziwa amene watumiziridwa ndalama ndi amene wangolonjezedwa. Ankadziwa mwamuna amene wavulala mumgodi, amene wakwatira mkazi wina kumeneko, ndi amene makalata ake ayamba kutalikirana chifukwa ali panjira yosanduka mtchona. Mayankho ankalembanso ndi iwo omwe. Adandiuza kuti chimene chinkawapweteka kwambiri ndi kuona mayi amene wamusowa mwamuna wake, mawu ali pakhosi, koma poti akuyankhula kudzera mwa munthu wina ankangozolika n'kunena kuti, "Lembani kuti ana ali bwino."

Tsiku lina kudabwera mayi wina wa mudzi wa tsidya ndi makalata atatu akale. Makalatawo adali atamuwerengera kale mlamu wake, amene adamuuza kuti mudali moni yekhayekha. Mayiyo adangofuna kumvanso mawu a mwamuna wake. Agogo atayamba kuwerenga adapeza kuti kalata iliyonse inkafunsa ngati ndalama za fizi ya mwana zidafika. Mayi uja adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adatenga kalata imodzi, adaigwira chozondotsa, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mawu oti ndalama ali pati apa?" Agogo adaitembenuza kalatayo n'kumulozera. Amenewo ndiwo adali mawu oyamba amene mayiyo adaphunzira kuwerenga.

Kuchokera pamenepo agogo adayamba kusonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa mango Lachitatu ndi Loweruka masana, ntchito ya pamtondo ikatha. Mwambi wawo udali umodzi: kandimverere adakanena za m'maluwa. Anthu ena adanyinyirika kuti Aphunzitsi akufuna kupandutsa akazi a eni, ndipo apongozi ena adaletsa ana awo kupitako. Agogo sadakangane ndi munthu. Adapita kwa anyakwawa ndi nkhuku m'manja n'kukafotokoza nkhani ya makalata atatu aja popanda kutchula dzina. Patapita masabata awiri, akazi a anyakwawawo adali nawo pansi pa mango. Sukulu za kwacha zitafika m'dera lathu zidapeza gulu lokhazikika kale, ndipo zidangowonjezera mabuku ndi bolodi.

Lamulo lawo ndilo lidawadanitsa ndi ena. Mayi akangofika potha kulumikiza maphatikizo, agogo ankakana kumuwerengeranso. "Kalata awerenge mwiniwake," ankatero. Mayiyo ankakhala pamphasa masana onse akulimbana ndi tsamba limodzi, thukuta lili kamukamu, agogo ali potero akuswa mtedza. Mawu akamukanika ankaloledwa kubwera nawo, koma atabisa mizere ina yonse ndi dzanja kuti Aphunzitsi aone mawu okhawo. Ena ankati ndi kuuma mtima. Ena ankazemba n'kukapeza mwana wasukulu wowawerengera mwachangu. Koma amene adapirira adafika polemba okha mayankho, ndipo zimene ankalemba agogo sadazidziwenso. Ankati masiku amenewo ndi pamene adayamba kugona tulo tabwino.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Dr Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku Joni, amuna ambiri adabwerera kumudzi, ndipo makalata adachepa. Agogo adaganiza kuti gulu lawo litha. Ena adasiyadi, koma ambiri adatsala chifukwa adali atalawa. Wina ankafuna kutsegula yekha buku la nyimbo kutchalitchi, wina ankafuna kumva zimene zalembedwa pakhadi la mwana la kusikelo, winanso ankafuna kuona ndi maso ake manambala a pasikelo pogulitsa mtedza. Amayi omwewa ndiwo adadzakhala athandizi a agogo pa nkhani ya atsikana. Mtsikana akajomba masiku atatu, agogo ankatumiza mmodzi wa iwo kukaona chimene chavuta. Adakambirananso ndi anamkungwi kuti chinamwali chizichitika sukulu ikatsekera, ndipo poti ena mwa anamkungwiwo adali ophunzira awo a pansi pa mango, nkhaniyo sidavute.

Ine ndidalowa m'manja mwawo atapuma kale pantchito. Amayi anga, amene adali mwana wawo wachitatu, ankagwira ntchito ku Lilongwe. Bambo atamwalira, amayi adabwerera nane kumudzi kumayambiriro kwa 1994, nawonso akudwala. Masiku amenewo Edzi sinkatchulidwa dzina. Anthu ankangonong'ona kuti kaliwondewonde kapena matenda a boma. Mankhwala otalikitsa moyo adadzayamba kuperekedwa ulele m'zipatala za boma mu 2004, patatha zaka khumi. Agogo adasamalira mwana wawo okha, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala, mpaka adatisiya m'nyengo yozizira, patangopita milungu yochepa chichitikireni chisankho cha mu Meyi. Ndidali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Monga mwa mwambo wathu, mwana ndi wa kuchikazi, choncho padalibe zokambirana za kumene ndikakhale.

Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana m'dziko muno chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa kukoleji, ndipo lidaitananso ena amene adali atapuma. Agogo adavula nsalu yakuda ya maliro n'kubwerera ku Sitandade 1. Ine ndidali mmodzi mwa ana oposa 100 amene tidakhala pansi pa mtengo wa kachere, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Mvula ikabwera tinkathawira m'tchalitchi. Kamkwapulo ka pichesi kadali katatha ntchito, chifukwa agogo ankati ana ochuluka chotero amagwidwa ndi nyimbo. Madzulo pakhonde pathu pankadzazanso, koma tsopano ndi anyamata ndi atsikana amene adangopatsidwa choko atamaliza sekondale. Ankabwera kudzafunsa momwe angakonzere phunziro la mawa, ndipo agogo ankawauza kuti ayambe aloweza mayina a ana awo onse.

Kunyumba agogo ankanditcha "amuna anga", monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamwamuna, ndipo ankandiseka kuti ndine mwamuna waulesi wosawamangira nkhokwe. Tikangodutsa pachipata cha sukulu ndinkasanduka "iwe mnyamata", ndipo tsiku limene ndidawaitana kuti agogo pamaso pa anzanga adandiyang'ana ngati sadandionepo chibadwire.

Usiku wina, koloboyi ikuyaka, adatsegula sutikesi yawo yachitsulo n'kutulutsa envulopu yomata. "Amuna anga, iyi ndi kalata yanu. Adalemba ndi amayi anu ali pamphasa paja. Ine sindidaitsegule, ndipo sindidzaitsegula. Tsiku limene mudzathe kuwerenga ndidzakupatsani." Ndidalira kuti andiwerengere pomwepo. Ndidalira usiku umenewo ndi masiku ena ambiri. Nkhaniyo idafika kwa atsibweni anga, amene adabwera kudzawadandaulira.

"Amayi, mwanayu ndi wamasiye. Mukumuzunziranji? Ingomuwerengerani mtima wake ukhale pansi."

"Mlongo wako adali ndi pakamwa," agogo adayankha. "Akadafuna kuti ndimve ine akadandiuza, poti ndinkagona pambali pake. Adasankha kulemba. Ndikawerenga ine, mwanayu adzamva mawu anga. Ndikufuna adzamve amayi ake."

Padapita zaka pafupifupi ziwiri. Kuwerenga zilembo zosindikizidwa m'buku ndidakudziwa msanga, koma zolemba pamanja zolumikizana zidali nkhani ina. Agogo adayamba kundilembera timakalata n'kumandiikira m'thumba la kabudula. Kena kankati ndikatsekere mbuzi, kena kankati mumphika wakuseri kwa chitseko muli nthochi ziwiri. Ndikalephera kuwerenga, nthochizo ankadya okha ine ndikuona. Lamulungu lina titachokera kutchalitchi adandipatsa envulopu ija popanda mwambo uliwonse, adatenga khasu, n'kunena kuti akukaona kudimba, ngakhale kuti pa Sabata sankagwira khasu.

Ndidakawerengera kuseri kwa nkhokwe. Adali masamba awiri othothola m'kope. Zimene zidalembedwamo ndi zanga, ndipo sindizilemba pano. Chimene ndinganene nchakuti zilembo zake zidali zofanana ndi za timakalata ta nthochi tija, mchira wa g wopindikira mofanana, chifukwa dzanja limene lidaphunzitsa amayi ndi lomwe lidaphunzitsa ine. Agogo atabwerako adandipeza maso ali ofiira. Adandipatsa madzi osamba, adapakula nsima, tidadya. Sadandifunse kanthu tsiku limenelo, ndipo sadandifunsepo mpaka imfa yawo. Pamene ndidakula ndi pamene ndidayamba kulingalira za mbali yawo. Mawu otsiriza a mwana wawo wobereka okha adakhala m'sutikesi kumutu kwa bedi lawo zaka ziwiri, iwo ali munthu woti akadawerenga masamba awiriwo madzi asadawire pamoto.

Uphunzitsi sudawalemeretse. Ndalama zawo zopumira pantchito adaziyendera maulendo osawerengeka ku ofesi ina mumzinda, kumene ankauzidwa kuti fayilo yasowa, abwerenso mwezi wamawa. Pa njala ya 2002 adagulitsa makina awo osokera kuti tigule chimanga, ndipo phala lake tinkagawana ndi ana a nyumba zoyandikana. Ankati njala ya 1949 idawalanda anzawo a m'kalasi, choncho iyi asailole kuwalandanso adzukulu.

Kumapeto kwa moyo wawo maso adachita ng'ala. Munthu amene adawerengera mudzi wonse adafika pofuna womuwerengera. Poyamba zidawawawa, ndipo makalata ochokera kwa ophunzira awo akale ankangowasunga osatsegula. Kenaka tsiku lina ndili patchuthi adandiitana n'kunena akuseka kuti, "Bwerani kuno a kandimverere, koma musakanene za m'maluwa." Ndinkawawerengera makalata ndi Masalimo, ndipo ndikathamanga ankandiimitsa kuti ndibwereze, ndipume pamene pali mpumiro. Chinthu chimodzi chokha adakanitsitsa, ndicho kudinda chala. Pepala lililonse lofuna dzina lawo ankati ndiwagwire dzanja ndi kuliika pamzere, kenaka ndiwasiye. Dzinalo linkatuluka lokhota, nthawi zina lotsetsereka kunsi kwa mzere, koma lidali lolemba okha.

Masiku ano makalata a pa positi adachepa, ndipo uthenga wochokera ku Joni umafika pafoni nthawi yomweyo. Komabe ndikapita kumudzi ndimaona mayi akupereka foni yake kwa mnyamata wapamsika kuti amuwerengere uthenga wa ndalama, mwinanso kumuuza nambala yake yachinsinsi. Ndikaona zimenezi ndimakumbukira mayi wa makalata atatu uja, ndipo ndimadziwa kuti agogo akadakhalapo akadayalanso mphasa pansi pa mango.

Adamwalira m'nyengo ya dzinja, chimanga chili m'mawondo. Pamaliro padafika anthu amene sindidawaonepo, ena pagalimoto, ena panjinga, ambiri wapansi. Amayi a Chigwirizano adaimba usiku wonse. M'mawa mwake, monga mwa mwambo, mnyamata wina adakhala pampando ndi kope kuti azilemba mayina a opereka chipepeso. Ntchitoyo idayenda bwino mpaka padafika gulu la amayi okalamba, ena oyendera ndodo. Woyamba adamasula ndalama yake pansonga ya chitenje, mnyamata uja n'kufunsa dzina. Mayiyo adati, "Bweretsa cholemberacho kuno, mwana wanga." Adakhala pansi, adaika kope pamwendo, n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. Anzake onse adachita chimodzimodzi. Mzere udatalika, adzukulu okumba manda adatumiza uthenga kawiri kuti kumanda zatheka, ndipo mwambo udachedwa ndi ola lathunthu. Anyakwawa adati asiyeni amalize.

Kope limenelo lili ndi ine. Ndimalisunga m'sutikesi yachitsulo ija, pamodzi ndi masamba awiri a amayi anga.